Wamagetsi Amene Anakana Fulashi

Achimwene anga ndi amagetsi. Kwa zaka makumi awiri ndi kanthu akhala akukwera makwerero m'nyumba za anthu, kuboola makoma, kukoka mawaya ndi kupachika mababu, ndipo pa ntchito imeneyo sindingawanyoze. Nyumba imene iwo aikamo mawaya sipsa. Koma munthu akadziwa chinthu chimodzi bwino, pamakhala kamawu kamene kamamunong'oneza kuti wadziwa zonse, ndipo kamawu kameneko achimwene anga sanakatsekerepo khutu.

Kwathu tinabadwa atatu. Achisamba ndi achemwali, anamwino, amene anapita kukagwira ntchito kudziko lakutali. Kenako achimwenewa. Ine ndine mzime, ntchito yanga ndi yautelala, ndipo ndine amene ndimakhala ndi amayi. Choncho zimene ndikunenazi sindinachite kumva kwa anthu, ndinaziona ndi maso angawa.

Chiyambire ubwana wawo, achimwene sanamalizepo phunziro limene analiyamba mwa kufuna kwawo. Zamagetsizo anamaliza chifukwa malemu bambo ankachita kuwaperekeza mpaka pachipata cha sukulu. Zina zonse amafika pakati n'kutseka buku, amvekere, "Kwatsalako munthu amangogwiritsa nzeru zake." Anaphunzira gitala, anadziwa nyimbo zitatu, basi n'kuyamba kudzudzula oimba a pawailesi. Anagula buku la kawetedwe ka njuchi, anawerenga za kupachika ming'oma, za kufula uchi sanawerenge, ndipo anagona masiku anayi maso atatupa, osaona ngakhale khomo la bafa. Akazi awo, alamu anga, ndi munthu wofatsa mopitirira muyezo. Ukawadandaulira amangoti, "Asiyeni, bola sakumwa mowa." Nthawi zina ndimaganiza kuti mowa ukanatipepukira.

Kamera achimwene anaipeza kwa bambo wina amene ankasamuka. Atamuchotsera mafani ndi mababu m'nyumba, bamboyo anawapatsa chikamera chakale chakuda, cholemera ngati njerwa, pamodzi ndi choimikira chake cha miyendo itatu, ndi fulashi, kanyali kaja amakamanga pamwamba pa kamera kuti kathwanime pojambula. Mwezi woyamba tinaona zakuda. Ukutafuna, thwani! Ukuyasamula, thwani! Pazithunzipo tonse tinkatuluka zipumi zili nyezinyezi, maso ofiira, kumbuyo kwathu mdima bii, ngati anthu ogwidwa akuba.

Kenako anapeza maphunziro a kujambula pa foni, mavidiyo khumi ndi awiri. Pa phunziro lachitatu mphunzitsiyo ananena kuti fulashi ukailozetsa kumaso kwa munthu imawononga nkhope. Achimwene anatembenuka mtima tsiku lomwelo. Fulashi ija anaikulunga m'sokosi n'kuiponya m'kabati, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wojambula ndi fulashi anasanduka mbuli. Tikapita ku ukwati ankakhala kumbuyo atapinda manja, akupukusa mutu. "Taonani anthu a ziphaliwali," ankatero. "Akupha nkhope za anthu masanasana." Munthu amene mwezi wathawu ankatichititsa khungu patebulo.

Mavidiyowo anaonera asanu ndi awiri. Ndikudziwa chifukwa tsiku lina anandipatsa foniyo kuti ndiwagwirire, ndipo ndinaona mndandanda wonse. Phunziro lomaliza linali lonena za nthawi imene fulashi imafunika.

"Nanga ili simunaonere bwanji?" ndinawafunsa.

"Limenelo ndi la ongoyamba kumene," anatero, akulanda foni yawo. "Iwe soka madiresi."

Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Ndinawauza choncho, koma anangoseka.

Zimene anaphunzira pa mavidiyo asanu ndi awiriwo ankazilalikira kwa aliyense amene wachedwa kuthawa, ndiye ine, wokhala pa makina osokera tsiku lonse, ndinazimva mpaka kuziloweza. Kamera ili ndi diso, ankatero. Pamalo powala diso limangophethira kamodzi, chithunzi chatheka. Pamalo a mdima diso liyenera kukhala chitsegukire kwa kanthawi kuti limwe kuwala kochepako pang'onopang'ono. Pa kanthawi kameneko kamera isagwedezeke, n'chifukwa chake amaiika pa miyendo itatu, ndipo chojambulidwacho chisasunthe, apo ayi chimatuluka chopakika. Panalinso kabatani kena kothandiza kamera kuona mumdima mwachangu, koma achimwene ankakana kukakweza, ati kamadzaza mchenga pachithunzi.

Chilungamo ndinene, zithunzi zina zinkakongola. Anajambula sizasi yanga ili pamakina, kuwala kwa pawindo kukuigwera mbali imodzi, ndipo chithunzicho ndinachipachika m'chipinda chosokeramo. Anajambula nsapato za alamu pakhomo, mpopi wa kubafa, makapu atatu pathireyi, loko wa pageti. Zonsezo zinatuluka bwino kwambiri. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chimapuma. Anthu amoyo ankawathawa, chifukwa kujambulidwa ndi achimwene kunali kukhala duu ngati chitsa, iwo akukuwa kuti "Osaphethira!" mpaka misozi itatuluka.

Amayi anagwa kubafa chaka chatha n'kuthyoka fupa la m'chiuno, ndipo chigwereni sanadzukenso pabedi. Analinso ndi matenda ena a kale, aja onjenjemeretsa. Manja awo sakhala chete, ndipo mutu umagwedera wokha usana wonse, pang'onopang'ono, ngati akukana chinthu chimene wina akuwauza. Chipinda chawo chili ndi windo limodzi, ndipo aneba anamanga khoma lalitali pafupi penipeni, moti ukatulutsa mkono umalikhudza. Ngakhale masana dzuwa lili paliwombo, m'chipindamo mumakhala ngati kukucha kumene. Babu limayaka tsiku lonse. Analiika ndi achimwene omwewa.

Amayi sanali munthu wopemphapempha, koma chinthu chimodzi ankachinena kawirikawiri. Analibe chithunzi ali ndi ana awo onse atatu. Chinalipo chimodzi tili tiana, chinanyowa denga litadontha, nkhope zonse zinamatirira pagalasi. "Ndikufuna ndidzione ndili pakati panu," ankatero. "Chikhale apa, pamene ndingachione ndikadzuka." Ndiye ankaloza khoma la kumiyendo kwa bedi, pamene panali msomali wopanda kanthu.

Achemwali anabwera patatha zaka khumi ndi chimodzi. Anapatsidwa masiku asanu ndi anayi okha. Tsiku lachiwiri anapita okha kukaonana ndi dokotala wa amayi, ndipo pobwera anandikokera kukhitchini n'kundiuza kuti mtima wa amayi watopa, tisayembekeze kuti adzaona chaka china. Achimwene anawauzanso. Tonse atatu tinkadziwa kuti kukumana kumeneku n'komaliza, ndipo chithunzi chija chikapanda kujambulidwa m'masiku amenewa sichidzajambulidwanso.

"Zimenezo ndisiyireni ine," anatero achimwene, akudziguguda pachifuwa. "Pakhale chithunzi chenicheni, osati za pafoni."

Ndiye anayamba kudikira kuwala. Lolemba anafika, anasuzumira m'chipinda, anati kuwala kwauma. Lachiwiri anati kwachita mitambo yambiri. Lachitatu anati mitambo yachepa. Lachinayi anaima pawindo theka la ola akutembenuza chikhatho chawo uku ndi uku, kenako anapita kukadya. Windo lake lomwelo loyang'ana khoma la aneba, limene kuwala kwake sikunasinthepo chimangireni khomalo. Ine ndinkangotukwana chamumtima, achemwali ankati tiwapatse ulemu wawo, ndi mwamuna yekha m'banja.

Tsiku lomaliza linafika. Takisi yopita ku bwalo la ndege inkabwera 3 koloko masana. Achimwene anatulukira 1 koloko, chikamera pakhosi, miyendo itatu paphewa, alamu akuwatsatira pambuyo atanyamula shiti yoyera ya pabedi. Amayi tinali titawasambitsa m'mawa, titawaveka bulauzi ya buluu imene ndinawasokera sabata yomweyo, titawatsamiritsa pa mapilo atatu. Anali atadzola ndi mafuta omwe, nkhope ili see, akumwetulira ngati mtsikana.

Ola lathunthu linatha achimwene akusuntha miyendo itatu ija. Apa ayi, apa ayi. Anatulutsa mpando, anaubwezanso. Alamu anawaimika kumbali ina ya bedi, manja onse m'mwamba, atatambasula shiti ija kuti izibweza kuwala kwa pawindo. Kenako anapita pakhoma n'kuzimitsa babu.

"Iii, mwazimitsiranji?" anafunsa achemwali.

"Babu limathira chikasu pankhope. Tigwiritsa kuwala kwa Mulungu."

"Kuwala kwa Mulungu kuli kuseri kwa khoma la aneba, achimwene," ndinatero ine. "Muno mulibe."

"Iwe, soka madiresi."

Amayi anayang'ana kamera ija, mutu ukugwedera. "Iwe, kanyali kako kaja kothwanima kali kuti?"

"Kameneko n'kosafunika, amayi. Kangakupwetekeni maso."

"Maso anga aona zambiri. Sangafe ndi kanyali."

"Amayi, ndikhulupirireni. Inu mungokhala chete, osasuntha, mpaka ndinene."

Anauza munthu amene wakhala akunjenjemera zaka zisanu ndi zitatu kuti asasunthe, ndipo anawauza nkhope ili gwa, osaona chodabwitsa chilichonse. Amayi anati, "Ndiyesetsa, bambo." Ndinawaona akulimbitsa khosi, akuluma mano, manja atawapanikiza pansi pa bulangeti. Mtima unandipweteka, ndipo mpaka lero umandipweteka ndikakumbukira.

Achemwali anakhala kumanja kwa amayi, ine kumanzere. Achimwene ankadina batani, kamera n'kuyamba kuwerenga yokha mpaka khumi, iwo n'kuthamanga kudzagwada pambali pa achemwali, akukuwa kuti, "Osapuma! Osapuma!" Tinkamva kamera ikuti tche, kenako zii, kenako tche. Pakati pa matche awiriwo munthu ukanatha kumeza malovu kawiri. Anajambula kasanu ndi kamodzi. Manja a alamu anali atayamba kugwa, shiti ikunjenjemera.

Achemwali anatulutsa foni m'chikwama. "Alamu, taikani nsaluyo pansi, mutijambuleko ndi iyi kamodzi. Tiyatse babu."

Achimwene anaimirira pang'onopang'ono ngati munthu amene watukwanidwa pagulu. "Ngati simundikhulupirira, achemwali, mungonena. Sabata yonse ndakhala ndikukonzekera chithunzi chimenechi. Ndiye muchiike pamodzi ndi za pafoni?"

"Sindikunyoza ntchito yanu. Ndimangoti pakhale china chapadera."

"Taonani nokha." Anatitembenuzira kagalasi ka kuseri kwa kamera, kakang'ono ngati bokosi la machesi. Tinaunjikana. Munali anthu anayi, mwakuda pang'ono koma mokongola, bulauzi ya buluu ili pakati. Pa kagalasi kotero, m'chipinda cha mdima, aliyense amaoneka bwino. Panja takisi inaliza hutala.

Achemwali anayang'ana foni, anayang'ana nkhope yotupa ya mlongo wawo, n'kubweza foni m'chikwama. Sanafune kusiyana naye atakwiya. Inenso foni yanga inali m'thumba la diresi, ndipo poyatsira babu panali pafupi ndi dzanja langa. Ndikanangoyatsa, n'kuwapatsa alamu foni, achimwene akanakwiya sabata imodzi basi. Sindinachite. Pakamwa panga pamene sipatopa ndi kunyoza, tsiku limenelo panatsekeka, ndipo mlandu umenewo ndi wanga.

Achemwali anagwada, anaika mutu pachifuwa pa amayi, analira, ananyamuka. Hutala inalizanso kachiwiri ali pakhomo.

Achimwene analonjeza kubweretsa chithunzi chotsuka, chachikulu, Lolemba. Lolemba sanabwere. Lachiwiri sanabwere, foni osayankha. Munthu amene akajambula loko wa pageti ankathamanga naye kudzationetsa tsiku lomwelo. Lachinayi ndinatseka makina n'kupita kwawo. Ndinawapeza ali pakhonde akusenda waya amene sankafunika kusendedwa. Alamu anandilonjera, analowa m'nyumba, anatuluka ndi envulopu yaikulu n'kundipatsa.

Chithunzicho chinali chakuthwa zedi. Ndolo za achemwali zinkaoneka ndi timiyala take. Pa kolala ya diresi yanga munthu ukanawerenga ulusi. Achimwene anatuluka bwino kuposa tonse, chibwano m'mwamba, ngati mwini fakitale. Bulauzi ya buluu inalipo, mabatani ake onse asanu. Koma pamwamba pa bulauziyo panalibe nkhope. Panali chinthu chotuwa, chopakika uku ndi uku, ngati wina wapukuta inki yaiwisi ndi chala. Maso panalibe, pakamwa panalibe. Ndinatulutsa zina zisanu zija, zonse chimodzimodzi.

"Anasuntha," anatero achimwene, maso ali pa waya.

"Mwati bwanji?"

"Amayi anasuntha. Ndinawauza kuti asasunthe."

Ndinawayang'ana nthawi yaitali. Ndikanakhala ndi sizasi yanga pafupi, sindikudziwa.

"Komanso," anapitiriza, mawu akuchepa, "akatswiri ena amachita dala zoterezi. Zimasonyeza kuti moyo umayenda."

"Mukawauze amayi zimenezo," ndinatero. "Mukawauze kuti nkhope yawo mwaifufuta dala chifukwa ndinu katswiri. Loko wa pageti munamupatsa nkhope, mpopi munaupatsa nkhope. Amene anakubalani ndiye mwawasandutsa utsi."

Alamu anali ataima pakhomo, akupukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

Envulopu ija ndinaibisa pansi pa nsalu za makasitomala. Amayi ankafunsa m'mawa uliwonse ndikamawapukuta kumaso. Ndinanama kuti makina otsukira zithunzi awonongeka. Ndinanama kuti achimwene akufuna felemu yabwino. Tsiku lachisanu anandigwira dzanja ndi dzanja lawo lonjenjemeralo.

"Iwe, ndinakubala ndine. Ukamanama mphuno yako imatuluka thukuta. Kabweretse."

Ndinabweretsa. Ndinawaveka magalasi, ndinayatsa babu, ndinawagwirira chithunzicho chifukwa m'manja mwawo sichikanakhazikika. Anachiyang'ana nthawi yaitali. Anayamba ndi achemwali, anakhudza tsaya lawo ndi chala. Anapita kwa achimwene, kenako kwa ine. Pakatipo anafikapo pomaliza.

"Nonse atatu mwaoneka bwino," anatero. "Ine ndiye ndayamba kale kuchoka."

Ndinatuluka n'kukalirira kubafa, mpopi nditautsegula kuti asamve.

Alamu anandiuza pambuyo pake kuti sabata imeneyo achimwene anaonera mavidiyo asanu otsala aja, lomalizalo katatu. Linali la mphindi khumi ndi ziwiri. Lamlungu masana anafika kwathu opanda miyendo itatu, opanda shiti, opanda ulaliki. Fulashi inali pamwamba pa kamera, ikadali ndi ubweya wa sokosi. Anagogoda pachitseko cha amayi, chinthu chimene sanachitepo.

"Amayi, ndingakujambuleninso?"

"Ndisasunthe?"

"Ayi. Khalani mmene mulili."

Fulashi ija sanailozetse kumaso kwa amayi. Anaipinda kuti iyang'ane kudenga. Anadina, kuwala kunamenya siling'i yoyera n'kutsika m'chipinda monse mofewa, kamodzi n'kamodzi, mutu wa amayi usanapeze mpata wogwedera. Zonse zinatenga nthawi yochepa kuposa kuthira madzi m'kapu. Chinthu chimene sabata yonse ija chinali m'sokosi, m'kabati, mtunda wa mphindi khumi kuchokera pabedi la amayi.

Anakulitsa chithunzicho pa kagalasi, anachiyang'anitsitsa mbali zonse, kenako anagwada n'kuwaonetsa amayi. Ndinasuzumira. Anali amayi enieni. Makwinya onse, kachipsera ka pachibwano, maso awo aja onyowa amene amaoneka ngati akufuna kuseka. Chipumi sichinanyezimire, maso sanafiire, ndipo mchenga panalibe.

"Eya," anatero amayi. "Ameneyu ndiye ine." Anayang'anabe. "Koma ndili ndekha."

Achimwene anasendera pafupi. "Zimenezo zitheka, amayi. Pali njira pa kompyuta. Nditenga nkhope iyi, ndiidula bwinobwino, ndikaimata pa chithunzi chija pakati pathu. Palibe amene angadziwe."

Amayi anawayang'ana. Mutu unkagwedera monga mwa masiku onse, koma ulendo uno ankakanadi.

"Ine ndidziwa," anatero. "Ana anga ndinachita kubala, bambo. Sindingachite kumatidwa pakati pawo."

Anakankha kamera ija pang'onopang'ono kuibwezera kwa mwini wake, n'kundipempha kuti ndiwachotse pilo mmodzi ndi kuwatembenuzira kukhoma. Achimwene anakhalabe chogwada pambali pa bedi, kamera ili m'manja, mpaka miyendo inawachita dzanzi.